Damu la dothi m'nyengo ya mvula: zoyang'ana ndi zochita

Chaka chilichonse, mitambo ikangoyamba kusonkhana chakumapeto kwa Okutobala, foni yanga sipuma. Wina akuti, "Achimwene, damu lathu lija layamba kuchucha kunsi, titani?" Wina, "Abambo, chaka chatha madzi anatithera mu Seputembala, ndiye tikufuna kutseka pang'ono potayira paja. Tiyike matumba angati?" Mafunso amenewa ndawayankha pa foni, pamsika wa ku Ulongue, ngakhale pamaliro. Pakamwa pauma. Ndalemba pano kamodzi kuti wofunsanso ndizingomutumizira.

Ndikukamba za madamu ang'onoang'ono a dothi, aja m'makalata a boma amalemba kuti represa: khoma la dothi lotchinga kamtsinje kapena khwawa, lotalika mamita 3 mpaka 6, lomwe timathiririra kachewere, kabichi ndi tomato m'chilimwe ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ndi kumwetsera ng'ombe. Za Cahora Bassa musaziike m'nkhani ino. Lija ndi khoma la konkire la mamita 171, linatha kumangidwa mu 1974, ndipo akatswiri a HCB, kampani ya magetsi yoyendetsa damulo, amaliyang'anira usana ndi usiku. Lathuli oliyang'anira ndinu a komiti, ndipo zida zanu ndi khasu, ndowa ndi maso.

Damu la dothi limafa m'njira ziwiri makamaka. Mwina madzi amakwera n'kudutsa pamwamba pa khoma, kulidya kuyambira kumbuyo. Mwinanso amaboola njira mkati mwa khomalo n'kumatulutsa dothi pang'onopang'ono mpaka mkati kusanduka mphako. Zonsezi zimaonekeratu kwa munthu amene akudziwa poyang'ana.

Tigwirizane kaye mawu atatu. Msana ndi pamwamba pa khoma, pomwe timayenda. Phazi ndi pomwe khoma lakumana ndi nthaka kumbali ya kunsi. Potayira ndi ngalande yotakata ya m'mbali yomwe madzi amatulukira damu likadzaza; amisiri a boma amati descarregador.

1. Dziwani kuchuluka kwa madzi amene akubwera

Tengani tsiku limodzi muyende kumtunda, kutsata timakwawa tonse tomwe timathira m'damu mwanu mpaka pomwe madzi amagawikira kupita kwina. Makomiti ambiri amadziwa damu lawo koma sadziwa kumene madzi ake amachokera.

Masamu ake ndi awa. Mvula ya milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Ngati malo othira m'damu mwanu ndi mahekitala 100, ndipo usiku umodzi kwagwa mvula ya mamilimita 100, ndiye kuti kwagwa malita 100 miliyoni. Tinene kuti theka lalowa pansi. Otsalawo, malita 50 miliyoni, akutsikira kwa inu. Damu lomwe pamwamba pake ndi hekitala imodzi, lakuya mamita 2 paliponse, limasunga malita 20 miliyoni okha. Mu Febuluwale limakhala litadzaza kale, nthaka nayo itakhuta, ndiye madzi onsewo alibe kolowera koma potayira. Mvula yotere si nthano. Amene anaona Chingodzi, dera la mumzinda wa Tete, itamira mu Malichi 2019, kapena namondwe Ana mu Januwale 2022 pamene mtsinje wa Revúbuè unadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, akudziwa, ndipo madzi a mtsinje umenewo amachokera kumapiri kwathu konkuno.

Muli kumtundako onani zimene zasintha chimangire damulo: nkhalango yomwe inapita ndi makala, minda yatsopano m'mphepete mwa mtsinje, msewu womwe ngalande yake aikhotetsera kwa inu. Ngati kumtunda kuli damu lina pa mtsinje womwewo, dziwanani ndi eni ake ndipo mupatsane manambala a foni. Lawo likagumuka, lanu ndiye lolandira zonse nthawi imodzi.

2. Potayira pakhale poyera, ndipo msana ukhale pamwamba

Pezani payipi yoonekera mkati ija amisiri omanga nyumba amalinganizira maziko, mudzazemo madzi. Yezani kusiyana kwa pansi pa potayira ndi malo otsikitsitsa a pamsana. Pasachepere mita imodzi. Ngati kumtunda kwanu ndi kwakukulu, mita imodzi ndi theka ndiye pabwino. Ndati malo otsikitsitsa, osati pomwe mwaona kuti mpokongola. Khoma la dothi limakhazikika zaka zikamapita, ndipo limatsika kwambiri pakati, pomwe panali mtsinje kale, chifukwa mpomwe dothi lounjikidwa ndi lalitali. Ngolo ndi ng'ombe zodutsa malo amodzimodzi zimakumbanso kanjira. Madzi sasamala kuti mamita 80 a khomalo ndi okwera bwino. Amafuna mita imodzi yokha yomwe yatsika. Mukapeza potsika, palani udzu, thirani katondo wonyowa pang'ono masentimita 15, tsenderani ndi minsi, thiraninso, mpaka palingane.

Tsono potayira. Chotsanipo zitsamba, bango, mchenga wounjikana ndi zipika. Udzu waufupi wokhawokha ndiwo usiyidwe, chifukwa umagwira nthaka.

Zolakwa zitatu zimene ndimazipeza pafupifupi kulikonse. Choyamba ndi matumba a mchenga aja ondiimbira foni amafunsa. Yankho langa ndi lakuti ngakhale limodzi ayi. Mukakweza potayira masentimita 40, mwachotsa masentimita 40 pa mita ija yomwe imateteza msana, ndipo ngalande yotsalayo siingathenso kutulutsa madzi a usiku woipa. Ndikumvetsa kuwawa kwake kuona madzi akutayika mu Febuluwale ukudziwa kuti mu Seputembala tomato adzafota. Koma ngati mukufuna madzi ambiri, chotsani matope omwe adzaza m'damumo m'chilimwe. Chachiwiri ndi ukonde kapena waya wotchingira nsomba kuti zisathawe. Mvula yoyamba imabwera ndi mapesi, masamba ndi mapepala apulasitiki. Ukondewo umasanduka chitseko m'mphindi zochepa. Chachitatu ndi kudzala chimanga kapena nzimbe m'ngalandemo poti mumakhala chinyezi.

Tsikirani kumathero kwa ngalandeyo, komwe madzi amagwera mumtsinje. Ngati pakukumbika chiphompho, dziwani kuti chiphomphocho chimayenda chobwerera chaka ndi chaka kulunjika kudamu. Yalanipo miyala ikuluikulu, yoti munthu mmodzi sanganyamule ndi dzanja limodzi, pamwamba pa timiyala ting'onoting'ono. Onetsetsaninso kuti madzi otayikawo sakukhota kukanyambita phazi la khoma. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa lawo lakale lili pansi pa khoma lanulo.

3. Mitengo, chiswe ndi ziweto

Pakhoma pamafunika kapinga wometedwa bwino kuti muzitha kuona nthaka. Udzu wautali umabisa zonse. Musautenthe: khoma lopserera limakumana ndi mvula yoyamba lili mbulanda.

Timitengo tating'ono zulani lero. Mtengo waukulu, monga bulugamu yemwe wina anadzala pamsana zaka khumi zapitazo kuti pakhale mthunzi, ndi nkhani ina. Mukangoudula n'kusiya chitsa, mizu imawola pakapita zaka n'kusiya mauna olowera mkati mwa khoma. Ntchito imeneyo idikire chilimwe madzi ali pansi, muzule chitsa ndi mizu yake, mukwirire ndi katondo wotsendera.

Chulu pakhoma ndi mdani wamkulu kuposa mtengo. Chooneka pamwamba ndi chaching'ono poyerekeza ndi zipinda za pansi. Kumbani mpaka mupeze manthu, ndiye mukwirire monga ndanenera. Chimodzimodzi mauna a mbewa, mfuko ndi nkhanu. Anyamata okumba mbewa pakhoma la damu aletsedwe ndi amfumu, osati ndi inu nokha. Ng'ombe zipezereni pomwera kutali ndi khoma, mutchinge khomalo ndi minga.

4. Ming'alu

Si mng'alu uliwonse woopsa. Dothi la makande limang'aluka lokha m'chilimwe ngati khungu la ng'ona, ndipo ming'alu yotere ndi yosaya. Lowetsani kamtengo muone kuya kwake. Woopsa ndi mng'alu wopingasa, wochokera kumbali ya madzi kupita kumbali ya kunsi, chifukwa madzi akakwera kufika pamenepo apeza msewu wopangidwa kale. Winanso ndi wotsata utali wa khoma pomwe mbali imodzi yatsika kuposa inzake, kunsi kwake dothi litatupa ngati mimba. Kumeneko ndi kuyamba kugumuka. Khomani zikhomo ziwiri uku ndi uku kwa mng'aluwo, muziyeza mpata wake tsiku ndi tsiku. Phimbanipo pulasitiki kuti mvula isalowemo, ndipo kauzeni a zomangamanga ku ofesi ya boma ya m'distrito mwanu, a SDPI.

5. Ndodo ndi kope

Zikani mtengo wolimba m'madzi pafupi ndi khoma, pomwe tochi ingaunike usiku muli pamtunda. Lembanipo ndi penti mizere itatu: pomwe madzi amayambira kutayika, masentimita 50 kuti afike pamsana, ndi masentimita 30. Gulani kope la sukulu. Munthu mmodzi azilembamo tsiku, pomwe madzi ali ndi zomwe waona, kamodzi pa sabata m'chilimwe, tsiku lililonse kuyambira Disembala mpaka Malichi.

6. Madzi otuluka kuphazi: apa ndiye pamene anthu amalakwitsa

Damu lililonse la dothi limachucha pang'ono. Dothi si chitsulo. Kuphazi kukakhala chinyezi, kapena kamadzi koyera kakuyenda pang'onopang'ono chaka chonse mosasintha, musachite mantha. Ngakhale madzi aja ofiirira ngati dzimbiri, okhala ndi kafuta konyezimira pamwamba, omwe timawaonanso m'madambo, nthawi zambiri ndi chitsulo cha m'nthaka chabe. Funso ndi limodzi: kodi madziwo akutuluka okha, kapena akutuluka ndi dothi?

Kuti mudziwe, tengani botolo loyera loonekera mkati. Tungani penipeni pomwe madzi akutulukira, osavundula, ndipo muchite izi mvula itakata, chifukwa madzi oyenda pamwamba pa khoma amakhala a matope ndipo angakunamizeni. Imikani botololo pamthunzi ola limodzi. Mukapeza pansi pake pakhazikika dothi, dothilo lachokera mkati mwa khoma lanu. Yang'ananinso pakamwa pa kasupeyo. Ngati pozungulira pake paunjikana kamchenga kosalala ngati kachulu ka nyerere, madzi akubwadamuka pakati, ndiye kuti una wayamba kale. Una wotere umakula chobwerera, kuchokera kuphazi kulowera kudamu, ndipo ukamakula madzi amathamanga, akamathamanga amatenga dothi lambiri.

Kenako yezani kuchuluka kwake. Sonkhanitsani madziwo m'kangalande kamodzi, muike kapayipi kakafupi, mutchere ndowa ya malita 20, muwerenge pa foni mphindi zomwe ikudzazira. Lembani m'kope pamodzi ndi pomwe madzi ali pa ndodo ija. Ndowa ikamadzaza msanga chifukwa damu lakwera, n'zomveka. Koma ngati dzulo inadzaza pa mphindi 10, lero pa mphindi 6, damu lili pomwe linali, zinthu zaipa ngakhale madziwo akuoneka oyera.

Tsono chimene aliyense amathamangira kuchita ndi kutseka. Musatseke. Ndinakafika pa damu lina komiti itachita zimenezo: anapeza kasupe wa matope kuphazi, anatenga mtsiro, anatsendera ndi munsi mpaka pouma gwa, anapita kukagona akusangalala. M'mawa mwake madzi anali atatulukira mapazi anayi chakumtunda, pamimba pa khoma, ochuluka kuposa dzulo lake, ndipo dothi la pakati pa malo awiriwo linali phala, ukaponda mwendo umalowa mpaka m'bondo. Madzi aja sanawaletse, anangowatsekera m'khoma kuti alifewetse. Mbali yonse ya kunsi inatsetsereka masana omwewo. Mwayi wake damulo linali lisanadzaze.

Chofunika ndi kulola madzi atuluke koma dothi litsale, monga nsalu yosefera. Yalani pa kasupeyo mchenga wa kumtsinje woyera, wokhakhala, masentimita 20, upitirire malo onyowawo mapazi awiri mbali zonse. Pamwamba pake ikani timiyala tophwanya tija ta konkire, brita, masentimita 20. Pamwamba penipeni miyala ikuluikulu yopsinja. Ndondomeko yake ndi yomweyo, musaisinthe. Mukayamba ndi miyala ikuluikulu, dothi lizingodutsa m'mipata ngati palibe kanthu. Ngati madzi ndi amphamvu moti akukankha mchengawo, yambani mwazunguliza kasupeyo ndi matumba a mchenga ngati mukumanga chitsime, kusiya mpata wa mita imodzi kuchokera pakamwa pake. Madzi akamadzaza m'chitsimemo, kulemera kwawo kumabweza mphamvu ya otulukawo. Kwezani matumba mpaka madzi osefukira pamwamba ayere, ndiye mulekere pomwepo. Cholinga si kuti aleke kutuluka.

Nchifukwa chake mulu wa mchenga, wa brita, wa miyala ndi matumba opanda kanthu osachepera 50 ziyenera kukhala pafupi ndi damu mu Novembala. Simungakatute mchenga kumtsinje wodzaza pa 2 koloko usiku.

Tumani wina akaunike kumbali ya madzi. Akaona madzi akuzungulira ngati kamvuluvulu pafupi ndi khoma, zinyalala zikumira pamenepo, kapena pamsana patitimira dzenje, una uja watulukira mbali zonse ziwiri. Pamenepo chotsani anthu onse pakhoma ndi kunsi kwake. Musaganize kuti muli ndi masiku. Damu la Teton ku Idaho, ku America, linali khoma la dothi lotalika mamita oposa 90, lomangidwa ndi akatswiri a boma. Pa 5 Juni 1976 madzi a matope anaoneka m'mawa, makina awiri okankha dothi omwe anatumidwa kukatseka anamira m'dzenjemo, ndipo 12 koloko masana isanakwane khomalo linali litaphulika. Anthu 11 anafa.

7. Kutsitsa madzi

Mankhwala enieni a khoma lodwala ndi kuchepetsa madzi omwe akulikankha. Ngati damu lanu lili ndi payipi ya pansi, tsegulani yonse. Muziiyesa chaka chilichonse mvula isanayambe, chifukwa chotsegulira chomwe chakhala zaka zitatu osapotokolapo chimagwira dzimbiri. Sonkhanitsani ma motobomba onse a m'madimba apope. Muthanso kukoka madzi ndi mapayipi monga timakokera petulo m'thanki ya njinga yamoto: dzazani payipi yaikulu ndi madzi, tsekani mbali zonse, igonekeni pamsana mbali imodzi ili m'damu, inayo ili kunsi motsika kuposa madzi a m'damumo, ndiye mutsegule. Kotulukirako kukhale kutali ndi phazi, pa miyala.

Ngati potayira panakumbidwa m'nthaka yachilengedwe kutali ndi khoma, mutha kupakumba kuti patsike pang'ono. Koma khoma lenilenilo musalidule ndi khasu poti "tipungule pang'ono". Kangalande ka chikhatho chimodzi pa dothi lounjika kamasanduka chigwa musanabweze khasu paphewa.

Pamene palibe ngozi, musatsitse madzi mothamanga kuposa masentimita 30 pa tsiku. Mbali ya kumadzi imakhala itakhuta, ndipo madzi oigwiriziza akachoka mwadzidzidzi imatsetserekera m'damumo.

8. Anthu a kunsi

Yendani kutsata mtsinje kunsi kwa damu makilomita awiri kapena atatu, mulembe nyumba, makola, madimba omwe anthu amagonamo polondera, ndi powolokera ana a sukulu. Itanani msonkhano pamodzi ndi amfumu, a secretário ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ija imagwira ntchito ndi INGD, bungwe la boma loona za ngozi zadzidzidzi, ngati ilipo kwanuko. Mugwirizane zinthu zinayi. Chizindikiro chake nchiyani: belu la kutchalitchi, chitsulo cha gudumu chija cha kusukulu, kapena ng'oma, poti foni usiku wa namondwe imakhala yopanda netiweki kapena moto. Kothawira nkuti: kumtunda kwa m'mbali, osati kutsata mtsinje, ndipo osawoloka. Ndani adzanyamule agogo, odwala ndi olumala, kutchula nyumba ndi nyumba. Chachinayi, chomwe chimavuta kwambiri, ndani ali ndi mphamvu yoliza chizindikirocho.

Ndikulangiza kuti amfumu anene pagulu kuti aliyense amene ali pa ulonda usiku umenewo alize yekha osayamba wakapempha chilolezo, ndipo akaliza koma damu osagumuka, asadzudzulidwe kapena kusekedwa. Popanda mawu amenewo, mnyamata wa pa ulonda adzaima pakhoma akuona madzi akukwera, akuopa kudzutsa akuluakulu pachabe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

9. Usiku wa mvula yaikulu

Mverani wailesi. A zanyengo a INAM akalengeza mvula yamphamvu, kapena boma likalengeza chenjezo la ngozi lija amati alerta laranja kaya vermelho, ulonda uyambe: anthu awiriawiri, tochi ziwiri, kusinthana maola atatu alionse. Munthu asayende yekha pakhoma usiku. Ola lililonse aunike ndodo, achotse zipika potayira ndi ngowe ali pamtunda, aunike kuphazi. Madzi akafika mzere wa masentimita 50 akukwerabe, dzutsani a kunsi akonzeke. Akafika wa 30, lizani chitsulo anthu asamuke. Matumba oika pamsana amathandiza pokhapokha pamene malo otsika ndi aafupi ndipo mvula ikukata. Madzi akangoyamba kudutsa pamsana, ntchito yatha, aliyense achokepo.

10. Mvula ikatha

Mu Epulo kapena Meyi tengani kope lija mupite nalo kwa alangizi a zaulimi a ku SDAE ndi a SDPI, mupemphe mmisiri adzaone, ndipo ngati damu lanu ndi lalikulupo kapena kunsi kwake kuli mudzi, nkhaniyo ifikenso kwa a ARA-Centro, omwe amayang'anira mitsinje ndi madamu m'chigawo chino. Munthu wobwera ndi manambala a miyezi inayi amamvedwa mosiyana ndi wongoti "likuchucha". Malo onse omwe munaika mchenga ndi brita muwasiye momwemo, muwakhomere chikhomo chopaka penti. Pokonza pogumuka, musangothira dothi latsopano pa lakale losalala: dulani lakalelo ngati masitepe kuti ziwirizo zilumane, ndipo dothi lothiralo likhale lonyowa moti mukalifumbata likuumbika koma osamata m'manja.